Kugundana Si Mlandu, Aphunzitsi

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndakubweretserani nkhani ya thukuta. Ndikudziwa ambiri mumadikira zachikondi, zandale kaya zamitengo ya feteleza, koma lero mundilole ndikuimikeni pansi pa ring'i ya basketball. Pamalo paja mpira ukagunda chitsulo n'kubwerera, anthu 6 kapena 8 amaudumphira limodzi ngati nkhuku zolimbirana chiwala. Ine ndimayimbira masewerowa. Si ntchito yolembedwa ayi, ndi ya Loweruka basi, ya ana asukulu ndi achinyamata, kuyambira kwathu kwa Mposa mpaka ku Liwonde, nthawi zina n'kuwoloka Shire kulowera ku Balaka.

Ena mwaseka kale, eti? Basketball kwa Mposa? Sindikukutsutsani. Kwathu timadziwika ndi mpunga wa ku sikimu ya Domasi, matemba a m'nyanja ya Chilwa ndi mapiri a Chikala. Masewero amene mwana amabadwa nawo ndi mpira wamiyendo ndi netball. Basketball ndi mlendo. Amabwera ndi mphunzitsi amene anaikonda ali ku koleji, n'kupeza wowotcherera kuti amupindire chitsulo, n'kuchikhomera pa bolodi lamatabwa. Kutalika kwake kumayenera kukhala mamita 3.05 kuchokera pansi, koma pena mukayeza mupeza kuti mmisiri anagwiritsa ntchito diso.

Vuto la mlendo ameneyu ndi loti aliyense amamuyang'ana ndi maso a netball. Ndipo ndani angatidzudzule? Ndife dziko la ma Queens. Tinaona Mwawi Kumwenda ndi anzake akugwetsa New Zealand 57 kwa 53 ku Gold Coast mu 2018, ndipo mpaka lero ena mukaikumbukira gemu ija mumamwetulira nokha. Ku netball wotchinga amaima masentimita 90 kuchokera kwa amene wagwira mpira, ndipo ukamukhudza mnzako momusokoneza wezulo salephera kulira. Ndiye munthu amene wakula akuona zimenezo, akafika pa basketball n'kuona misana ndi zifuwa zikukhulana pansi pa ring'i, amangoti woyimbira wagona.

Chosangalatsa n'choti awiriwa ndi mayi ndi mwana. James Naismith anayambitsa basketball mu 1891 ku Springfield, ku America, ndi malamulo 13, ndipo kukankha, kugwira ndi kugunda ndi phewa anakuletsa kuyambira pachiyambi pomwe. Masewerowa atawolokera ku England m'zaka za m'ma 1890 anasinthidwa pang'onopang'ono mpaka kubala netball. Mwana anatenga ulemu wosiyirana malo. Mayi anatsala ndi kupanikizana.

Tsono lamulo limati chiyani pa kupanikizanaku? Buku la FIBA, mu Article 33, limamuona wosewera aliyense ngati waima mkati mwa mgolo wopanda chivundikiro. Kutsogolo mgolowo umathera pa zikhatho, kumbuyo pa matako, m'mbali pa mikono ndi miyendo, ndipo m'mwamba ulibe malire. Malo amene waima ndi ako, ndipo mpweya umene uli pamwamba pako ndi wakonso. Ukadumpha chilili, manja m'mwamba, uli m'nyumba mwako. Mlandu umayamba pamene watuluka mu mgolo wako n'kukamusuntha mnzako mu wake.

Gwirani mawu amenewo: kumusuntha. Kukhudzana pakokha si mlandu. Pabwalo la mamita 28 mulitali ndi 15 mulifupi pali anthu 10, ndipo mpira ukaponyedwa ambiri a iwo amathamangira pa kamalo kamodzi kosakwana ngakhale chipinda chogona. Kuti asakhudzane n'zosatheka. Chimene ine ndimafufuza n'choti anayamba kufika pamalopo ndani, ndipo wachotsedwapo ndani. Mkono wapamsana umene wamutumiza mnzako kutsogolo, umenewo ndi faulo. Dzanja logwira jezi kuti mnzako asadumphe, faulo. Wakutsogolo nayenso sikuti ndi mngelo. Ali ndi ufulu wotchinga ndi msana pamene waima, koma akayamba kubwerera chammbuyo akumududa mnzake ngati ngolo yobwerera pachitunda, kapena kupinda mikono kumbuyo n'kumukola m'chiuno, wolakwa ndi iyeyo ngakhale anthu akumuombera m'manja.

Koma pali kamfuu kena kamene kanafika kwathu buku lamalamulo lisanafike. “Over the back, ref!” Makochi amakakonda kwabasi. Akutanthauza kuti wakumbuyo watenga mpira pamwamba pa mutu wa wakutsogolo. Mukafufuza mayina a mafaulo m'bukumo mupeza kukankha, kugwira, kutchinga molakwika, kugunda ndi kugwiritsa ntchito manja molakwika, koma dzina limenelo mulibe. Munthu akakhala wamtali kapena wodumpha kuposa iwe, n'kutola mpira pamwamba pako osakusuntha, sanakubere kanthu. Kutalika si mlandu. Ngati mukufuna umboni woti malo amaposa msinkhu, kafufuzeni za Dennis Rodman. Anali wa mamita 2 ndi kakusefukira pang'ono, wamfupi poyerekeza ndi zimphona za mu NBA, koma anatsogola pa ma rebound zaka 7 zotsatizana, kuyambira 1992 mpaka 1998. Ankadziwa kumene mpira ugwere ndipo ankafikako ena asanaganize.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi munthu amaziona bwanji m'kuphethira kwa diso. Chinsinsi chake n'chosavuta kunena: usayang'ane mpira. Woyimbira amene maso ake atsatira mpira m'mwamba wasanduka woonerera amene sanalipire pakhomo. Mpira sukankha munthu. Ine mpira ukangochoka m'manja mwa woponya, maso anga amapita m'ziuno ndi m'mikono mwa amene ali pansi pa ring'i, chifukwa kukankha kwenikweni kumachitika mpira usanagunde n'komwe chitsulo. M'magemu akuluakulu oyimbira amakhala atatu. Kwathu tikakhala awiri ndiye kuti tsikulo tadala. Mmodzi amaima kunja kwa mzere wakumapeto, kuseri kwa bolodi, ndipo amaona zifuwa. Winayo amatsalira kumbuyo ndipo ndi amene amaona misana ndi timanja tobisika. Ukakhala wekha umangosankha pamene pangakupatse mpata woona pakati pa anthu awiri, chifukwa faulo imaonekera pampata umenewo.

Ndipo si chilichonse chimene waona choyenera kuyimba. Buku lomwelo, pokamba za ntchito ya oyimbira, limati tiziganizira ngati kukhudzanako kwapatsa wina mwayi kapena kwamulanda mnzake, ndipo tisamadule masewero pachabe. Tangowerengerani. Wosewera akachita mafaulo 5 watuluka. Timu ikakwanitsa mafaulo 4 m'chigawo chimodzi cha mphindi 10, faulo iliyonse yotchinga yotsatira imapatsa adani ma free throw awiri. Matimu akwathu amabwera ndi ana 7, akachuluka 8, chifukwa minibasi ndi ndalama. Nditati ndiziyimba ngati netball, pofika pakati pa gemu mabenchi onse akhala atadzaza ndi otuluka ndipo pabwalo patsala ine ndi mpira.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene sindichinyengerera, ndipo apa ndilankhule motsindika. Munthu akadumpha ali ndi ufulu wotera pamene anadumphira. Kulowa pansi pake ali m'mwamba, n'kumuchotsa miyendo, lamulo limakuona ngati faulo yopanda khalidwe lamasewero, ndipo nthawi zina munthu amatulutsidwa nayo mugemu. Amene analemba lamuloli ankaganiza za mabwalo amatabwa osalala. Ife timasewera pa simenti yong'aluka, pena pa dothi louma gwa. Mwana akagwa chagada pamenepo, nkhani yake ndi yofuna njinga yamoto yothamangira kuchipatala ku Liwonde, ndipo amene akafotokozere makolo ake ndi ife.

Tsopano tibwere kwa makochi.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo, chifukwa anthu amenewa ndimawamvetsa. Kochi wa timu yasukulu salandira kanthu. Mpira anagula yekha. Ndalama ya mayendedwe anasonkhetsa ana, yotsalayo anaonjezera ya m'thumba mwake mwezi usanathe. Ndiye akaona mwana wake akulandidwa mpira pamutu katatu, mtima umamupweteka. Komanso taganizirani pamene wakhala. Ali m'mbali mwa bwalo, patali, akuona kudzera m'matupi a anthu ena, ndipo akuyang'ana mpira monga aliyense. Mpata uja umene ine ndikuuona pakati pa msana ndi chifuwa, iye sangauone. Nthawi zambiri sakunama. Akunena zoona za pamene wakhala.

Lamulo limamulola kochi wamkulu kulankhula ndi oyimbira, mwaulemu, pofuna kumva zimene zachitika, mpira ukakhala kuti waima ndipo wotchi yaimitsidwa. Wotchi yathu ndi foni ya aphunzitsi ena amene akhala pa desiki m'mbali, ndipo nthawi zina imalira ndi uthenga wa kunyumba gemu ili mkati, koma mfundo yake ndi yomweyo. Ine ndinaphunzira kusiyanitsa mitundu ya madandaulo ndi khutu. “Ref, waona chiyani pamenepaja?” limenelo ndi funso, ndipo funso limayankhidwa. “Ref, akupatsa zingati?” limenelo si langa, akuuza anthu oonerera. Palinso amene amadandaula osati chifukwa cha faulo yapita koma pofuna kugula yotsatira. Akudziwa kuti woyimbira wamantha akakalipidwa mbali ino amakabweza mbali inayo.

Oyimbira anzanga ena ndimawaona akulakwitsa mbali ziwiri. Ena amasanduka agonthi, kochi akufunsa mwaulemu iwo n'kuyang'ana kumwamba, ndipo munthu wosamvedwa amakweza mawu. Ena amayenda ndi technical m'thumba ngati mpeni, kungomva kutsokomola basi aitulutsa. Onsewo akuteteza ulemu wawo, osati gemu. Oyimbira si angelo, n'chifukwa chake kuyambira 2022 FIBA inalola kuti m'magemu okhala ndi makamera kochi azitha kupempha kuti chigamulo china chionedwenso pa vidiyo. Kwathu vidiyo yake ndi kamnyamata kamene kakwera mumtengo wa mango.

Koma palibe buku la FIBA limene linalembedwa poganizira zimene ndikufuna kukuuzani tsopano. Kwathu kuno kochi nthawi zambiri ndi wamkulu kwa woyimbira. Pena ndi mkulu wa kumpingo kapena kumzikiti, pena ndi mnzawo wa bambo ako. Tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula umazyolika, suloza chala, suyankha ataima pagulu. Mlandu wakumudzi umapita pabwalo la amfumu, aliyense amalankhula mpaka mate kuuma, mboni zimaitanidwa, nduna zimanong'onezana, chigamulo chimabwera dzuwa litapendeka. Ine ndimapatsidwa theka la sekondi, ndipo wodandaulayo ndi munthu amene mawa ndikakumana naye pamaliro.

Tsiku lina ndinayimbira gemu ya atsikana pasukulu ina imene sinditchula. Kochi wa eni bwalo anali aphunzitsi anga enieni, amene anandiphunzitsa masamu ku Fomu 2, amenenso anandigwiritsa mpira wa basketball koyamba. Alendowo anali ndi mtsikana mmodzi wamtali, wowonda ngati bango, wosalankhulalankhula. Amene ankamutchinga anali wamfupi koma wanyonga, ndipo ankatchinga bwino ndithu, msana pachifuwa cha mnzake, miyendo yotakasa. Kungoti mpira ukabwerera, wamtali uja ankangodumpha chilili n'kuutola pamwamba ngati akuthyola papaya. M'chigawo chachitatu anatero katatu motsatizana, ndipo kawiri anagoletsa.

“Iwe! Sukuona? Over the back imeneyo!”

Anandiitana ndi dzina langa lapaubwana, limene ngakhale akazi anga saligwiritsa ntchito. Ana asukulu anaseka. Ndinadikira mpaka mpira utaima pa free throw, ndinapita n'kuima pambali pawo, osati maso ndi maso, tonse tikuyang'ana kubwalo. Kaimidwe kameneko kamathandiza, anthu amaona ngati mukukambirana, osati kukangana.

“Aphunzitsi, ndikuona ndithu. Mwana wawoyo akudumpha chilili, wanuyu sakusunthidwa. Akangomukankha ndiyimba.”

“Ukundiphunzitsa malamulo ine?”

“Ayi Aphunzitsi, ndikungonena zimene ndaona.”

Ndinachokapo. Yankho la woyimbira liyenera kukhala lalifupi, ukalitalikitsa lasanduka msonkhano. Iwo sanaleke. Mpira uliwonse wobwerera unkabwera ndi mfuu, mpaka ndinawakwezera chikhatho n'kuwauza momveka kuti, “Aphunzitsi, ndamva, pakwana.” Limenelo linali chenjezo, ndipo aliyense pabwalopo analimva.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse, anzanga. Kochi akamakuwa kuti timu yake ikuberedwa, amaganiza kuti akulankhula ndi woyimbira. Koma amene amamva kwambiri ndi ana ake. Mwana wa zaka 16 akamva aphunzitsi ake, munthu amene amamukhulupirira, akunena kakhumi kuti akuponderezedwa ndipo palibe womuteteza, amaganiza zodziteteza yekha. Ndipo pansi pa ring'i munthu amadziteteza ndi thupi.

Chigawo chomaliza chitangoyamba, mpira unagunda chitsulo, wamtali uja anadumpha, ndipo wamfupiyo m'malo moima pamalo pake anawerama n'kubwerera chammbuyo pansi pa miyendo yake. Mwana wa eni anatembenuzika m'mwamba n'kugwera chigongono ndi chiuno pa simenti. Kaphokoso kake ndimakamvabe. Ndinayimba, ndinakweza dzanja n'kugwira pamkono pamwamba pa mutu, chizindikiro cha faulo yopanda khalidwe: ma free throw awiri, mpira n'kukhalabe wa alendo.

Aphunzitsi analowa m'bwalo. Sanapite kwa mwana amene anali pansi, anabwera kwa ine. “Wagulidwa iwe! Ndinakuphunzitsa ndine, lero ukundichititsa manyazi pakhomo panga?”

Ndinapanga chilembo cha T ndi manja anga awiri.

Simunamvepo chete ngati ameneyo. Ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa anasiya kuwerenga chenji. Pa pepala technical ndi kanthu kakang'ono, free throw imodzi basi, ngakhale kochi akalandira ziwiri za khalidwe lake amachoka pabwalo. Koma pamaso pa anthu aja chimene chinachitika n'choti mwana walanga mphunzitsi wake pagulu. Ndinamva wina kumbuyo akuti, “Ana a masiku ano.” Manja anga ankanjenjemera, sindikubisirani, ndipo ndinawaika kumbuyo kuti asaoneke. Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma sananene kuti nkhonya zina zimachokera kwa amene anakulera.

Funso limene ndikufuna mulisinkhesinkhe, makamaka inu amene mukuti ndinachita mwano, ndi ili: pabwalo paja ndani anali wofunika kutetezedwa? Aphunzitsi anali ndi msinkhu wawo, dzina lawo ndi khamu lonse kumbuyo kwawo. Mtsikana amene ankapukuta magazi pachigongono anali mlendo, makolo ake ali kutali, ndipo munthu yekhayo amene anapatsidwa ntchito yoonetsetsa kuti abwerere kwawo wamphumphu anali wa wezulo. Ndikanazyolika, ana 10 aja akanaphunzira kuti malire a kukankhana amaikidwa ndi amene ali ndi mawu aakulu. Mphindi 8 zimene zinatsala zikanakhala nkhondo.

Zinali mphindi zabata kwambiri pa gemu yonse. Aphunzitsi anakhala pansi, manja pachibwano. Wamtali uja anamangidwa kansalu n'kubwerera. Wamfupiyo, amene ankalira mwakachetechete, anayamba kuchita chimene akanayamba kale: kumupeza mnzake msanga, kutali ndi ring'i, n'kumutsekera komweko mpira usanabwerere. Anatola ma rebound awiri mwa njira imeneyo, oyera bwino. Palibe anawaombera m'manja chifukwa rebound yabwino sioneka.

Ndipo izi n'zimene zimandipweteka ndikamva makochi akuphunzitsa ana kudandaula m'malo mowaphunzitsa kutchinga. Basketball ya m'dziko muno ikukula. Kuli BASMAL, kuli maligi a m'zigawo ngati SOZOBAL kummwera ndi CEZOBAL pakati. Ku Lilongwe kuli bwalo lamkati la Griffin Saenda limene linagwiritsidwa ntchito pa masewero a achinyamata a Region 5 mu 2022, ndipo Bravehearts yakhala ikutuluka kukapikisana nawo mu Road to BAL. Mwana wa kwa Mposa amene ali ndi luso, tsiku lina adzaima pa Blantyre Youth Centre. Akadzafika kumeneko akukhulupirira kuti aliyense womukhudza walakwa, adzamudya osatafuna, ali chiimire manja m'mwamba kudikira wezulo amene sadzalira.

Gemu itatha ndinapita kukawapatsa moni Aphunzitsi ndi manja awiri, monga mwa nthawi zonse. Anandipatsa nsonga za zala, osandiyang'ana. Panapita miyezi iwiri tisanalankhulane. Kenaka tinakumana pa depoti ku Liwonde, tonse tikudikira minibasi yolowera ku Zomba, ndipo kondakitala anatipanikiza pampando umodzi, phewa ndi phewa, thumba la mpunga pamiyendo pathu. Tinayenda osalankhula mpaka titadutsa pa boma la Machinga.

“Ija ya mwana wanga inali faulo,” anatero akuyang'ana pawindo. “Ndinamulankhula.”

“Zikomo Aphunzitsi.”

“Koma zitatu zija zinali over the back.”

“Aphunzitsi, m'buku mulibe.”

“Ndiye bukulo ndi lolakwika.”

Anandilipirira minibasi, ndikukana, ndipo potsika anandiuza kuti ndiwatumizire Article 33 pa WhatsApp kuti akaione okha. Ndinatumiza usiku womwewo. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, koma yankho mpaka lero silinabwere.